Lobola Inapita, Nanga Chilolezo cha Mlamu Chili Kuti?

Loweruka la m'chilimwe kuno ku Katawa mu Mzuzu simusowa ukwati wodutsa pamsewu: magalimoto omanga maliboni, mahutala, ana akuthamangira m'mbuyo. Mukafunsa bwino mupeza kuti akwatibwi ena kwawo ndi kutsidya kwa Songwe, ku Kyela kapena ku Mbeya m'dziko la Tanzania. Ena anabwera ndi anyamata a ku Mzimba amene atha zaka ku Joni. Palinso alongo athu amene anapeza banja kwa aphunzitsi, madokotala ndi amalonda ochokera kutali. Timavina, timafupa pa perekaniperekani, koma za chidindo chimene chili mu pasipoti ya mlendoyo palibe amene amazikumbukira.

Kwathu tinazikumbukira mochedwa. Mlamu wanga wa ku Kyela, mayi wa ana awiri, ankafuna kutsegula akaunti ku banki. Anamasula jumbo ya shuga imene amasungamo makadi a sikelo a ana, n'kutulutsamo pasipoti. Titafika pa tsamba la zidindo tinapeza kuti masiku amene anamupatsa pa Songwe anatha mwana woyamba asanabadwe. Usiku umenewo m'nyumba simunagonedwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene tinafunsana ife, pamodzi ndi ena amene anansi akhala akundifunsa kuchokera nthawi imeneyo.

Tinakwatirana kutchalitchi, lobola inapita yonse. Kodi mkazi wanga sanasanduke Mmalawi?

Ayi, sanasanduke. Ukwati umamupanga kukhala mkazi wanu, mpongozi wa makolo anu ndi mlamu wathu, koma pamaso pa boma akadali nzika ya dziko limene linamupatsa pasipoti. Zokhala m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Immigration Act la 1964, za unzika ndi lamulo lina la 1966, ndipo onse awiri amafuna kuti munthu apemphe, alembe mafomu, ayankhidwe. Ng'ombe zimene thenga anakasiya kwa apongozi zimamveka kubanja ndi kwa amfumu. Wa Imigireshoni amayang'ana pasipoti, chidindo ndi setifiketi. Ukwati wanu ndi chifukwa champhamvu chopemphera chilolezo, koma chilolezocho muyenera kuchipempha ndithu.

Nanga poyamba alowe bwanji?

Alowe pa chipata chovomerezeka, pasipoti ili m'manja, imdindidwe. Kwa ife a kumpoto nthawi zambiri ndi pa Songwe ku Karonga; wochokera ku Joni pa basi amalowera pa Mwanza kapena pa Dedza, wa pandege amatera pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka. Nzika za Tanzania, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sizifunika viza pobwera kudzacheza. A maiko ena amafunsira viza, ndipo kuyambira 2019 izi zimatheka pa intaneti. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsera viza maiko 79, koma mndandanda wotere umasintha, choncho muuonenso sabata imene mukugula tikiti. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe.

Pachipata amamupatsa masiku 30 ngati mlendo. Masikuwa amawonjezeredwa ku ofesi mpaka kufika 90. Liwu lofunika kuligwiritsa apa ndi lakuti "mlendo": chidindo chimenechi n'cha munthu wodzacheza, osati wodzamanga banja.

Masiku 90 akamatha tipemphe chilolezo chiti?

Pali ziwiri zimene zimakhudza mabanja kwambiri. Choyamba ndi Temporary Residence Permit, chimene ambiri amangoti TRP. Chimakhala cha miyezi 6 ndipo chimatheka kuwonjezera. Ntchito yake ndi yakuti munthu akhale m'dziko movomerezeka pamene zinthu zina zikukonzedwa. Chachiwiri ndi Permanent Residence Permit, kapena kuti PRP, chilolezo chokhazikika, ndipo ichi ndicho cholinga chenicheni cha munthu amene wakwatiwa kapena kukwatira kuno.

Langizo langa ndi lakuti musadikire tsiku la 89. Yambani mu mwezi woyamba, chidindo chidakali ndi moyo. Munthu amene mapepala ake ali bwino amalowa mu ofesi ngati wopempha. Amene masiku anamuthera amalowa ngati wolakwa, ndipo nkhani yake imayambira pa kufotokoza chimene anachedwera.

Ukwati wathu ndi wa kwa ankhoswe, sitinapite kwa DC. Kodi boma limauwerengera?

Limauwerengera, koma mukhale ndi pepala. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza mitundu inayi: ukwati wa kuboma, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka aliyense n'kumawadziwa ngati banja. Onse awiri akhale a zaka 18 kapena kuposerapo. Mtundu wachinayiwo musaudalire pa nkhani ino, chifukwa umatsimikizidwa ndi khothi lokha, ndipo khothi silimva za anthu amene sanakwanitse zaka 5 ali limodzi.

Njira yosavuta ndi kukalembetsa ukwati kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General. Dzina lanu ndi la mnzanuyo limakhomedwa pa bolodi masiku 21 kuti wotsutsa atsutse, kenako mumasayina pamaso pa mboni n'kulandira setifiketi. Ngati munadalitsa kutchalitchi kapena kumzikiti, funsani abusa, ansembe kapena ashehe ngati pepala limene anakupatsani ndi setifiketi yolembetsedwa kuboma, pakuti kalata ya mpingo payokha nthawi zina imangogwira ntchito mumpingo momwemo.

Abambo ena apa amvetsetse. Ukwati wa kuboma ndi wa mkazi mmodzi. Ngati muli ndi mkazi ku Euthini kapena ku Embangweni amene munamulowola kale, ndiye mwabwera ndi wina wa ku Joni n'kukalumbira kwa DC kuti simunakwatirepo, mwapalamula mlandu, ndipo mapepala onse amene mudzamange pa bodza limenelo adzagwa tsiku limene mkazi wamkulu adzayankhule.

Tinakwatirana ku South Africa. Tikwatirenso kuno?

Palibe chifukwa. Bwerani ndi setifiketi yeniyeni yochokera ku Home Affairs ya kumeneko, osati fotokope yokha. Ngati setifiketi yanu inalembedwa m'Chipwitikizi, m'Chiswahili kapena m'Chifalansa, imasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wodziwika, ndipo loya kapena majisitireti adinde.

Ndi mapepala ati amene tisonkhanitse?

Fomu yofunsira chilolezo, zithunzi za pasipoti, makope a pasipoti ya mlendoyo kuphatikizapo tsamba la chidindo cholowera, setifiketi ya ukwati, chitupa cha unzika kapena pasipoti ya inu Mmalawi, kalata yanu yopempha, umboni wakuti banjalo lili ndi podalira monga sitetimenti ya kubanki kapena kalata ya kuntchito, lipoti la dokotala, ndi kalata ya apolisi a kwawo yotsimikiza kuti alibe mlandu. Ofesi ikhoza kufunsa zina malinga ndi nkhani yanu, choncho tengani mndandanda wa tsikulo kwa iwo eni.

Pa zonsezi, imene imaliza anthu ndi kalata ya apolisi a kwawo. Imatenga masabata, imafuna zidindo za zala, ndipo ikakhalitsa amaikana kuti yakalamba. Ngati mlamu sananyamuke kwawo, aitenge asanakwere basi. Ife tinachita kumubweza mlamu ku Mbeya chifukwa cha pepala limodzi lomweli, mwana ali kumsana.

Chinanso n'chooneka chaching'ono koma chimabweza anthu pakhomo: mayina. Ngati pa pasipoti palembedwa dzina la bambo ake, pa setifiketi ya ukwati dzina la mwamuna, ndipo pa khadi la kuchipatala dzina la ubatizo, wa mu ofesi akuona anthu atatu. Khalani pansi madzulo, yalani mapepala onse pamphasa, muwerenge chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa ndi tsiku lobadwa. Posiyana pakonzedwe ndi kalata yolumbira kwa loya musanapite. Pepala lililonse likhale ndi makope awiri, ndipo enieniwo musawasiye m'manja mwa munthu popanda chokulemberani.

Tipite ku Lilongwe kapena zimatheka konkuno?

Yambirani konkuno. Mu Mzuzu muli ofesi ya Imigireshoni yoyang'anira chigawo chonse cha kumpoto, ndipo kuchoka ku Katawa ndi ulendo wa kabaza. Kuwonjezera masiku a mlendo kumachitika pomwepo. Pempho la chilolezo chokhazikika limakagamulidwa kulikulu, n'chifukwa chake limatenga nthawi. Pitani nonse awiri, mwamuna ndi mkazi. Akhoza kukufunsani kumene munakumana, kumene mukukhala ndi amene anaimira ukwati wanu, chifukwa maukwati a pepala chabe, ongofuna chilolezo, aliko ndipo ofesi imawadziwa.

Zimadya ndalama zingati? Pali mnyamata wina akuti atithandiza mwachangu.

Mitengo imaikidwa ndi boma ndipo imasinthidwa nthawi ndi nthawi. Ifunseni pa kauntala, mulipire kumene akuuzani, mulandire lisiti la boma lokhala ndi dzina la wopemphayo. Chilolezo chokhazikika si chotchipa, tsono yambani kusunga msanga monga munasungira za lobola.

Za mnyamatayo, musiyeni. Madobadoba amakudziwani ndi nkhope ya mantha ndi envelopu ya khaki m'khwapa. Amakupatsani moni ngati mbale, amatchula mayina a mabwana, amati "bwana, zimenezi n'zazing'ono, mawa lomwe zituluka." Mchimwene wanga anapereka ndalama ya mbewu ndi feteleza kwa mmodzi wa iwowa pansi pa mtengo, ndipo foni yake inasiya kupezeka sabata yomweyo. Mwayi wake unali wakuti pasipoti sanaipereke. Ena amabwezeredwa pasipoti ili ndi chidindo chabodza, n'kukagwidwa nacho pa Songwe patapita zaka, ndipo womangidwa amakhala mwini pasipoti. Wina aliyense akakupemphani "ya fanta" kuti fayilo iyende, ofesi ya Anti-Corruption Bureau ilipo mu Mzuzu momwemuno.

Chidindo chinatha kalekale, tikuopa kupita. Bwanji angolembetsa chitupa cha unzika kudzera kwa amfumu?

Musatero, ndikukupemphani. Ndikudziwa kuti njirayi imakopa, makamaka kwa anthu a m'malire amene chilankhulo ndi chimodzi: Mnyakyusa wa ku Kyela ndi Mngonde wa ku Karonga amamvana bwinobwino, Mtumbuka wa ku Lundazi ndi wa ku Mzimba ndi pachibale. N'zosavuta kupeza mboni ziwiri zonena kuti mayiyu anabadwira m'mudzi mwakutimwakuti. Koma kunama ku National Registration Bureau ndi mlandu kwa wolembetsayo, kwa mboni ndi kwa mfumu yodindayo. Chitupa chimenecho chimakhala ndi zidindo za zala, ndipo bodza lolowa mu kompyuta silifufutika. Choopsa china n'chakuti tsiku limene mudzayambane ndi mnansi kapena wachibale pa nkhani ya malo, chinsinsi chimenechi ndicho chidzakhale chibonga chake. Komanso NRB ili ndi chitupa chapadera cha alendo okhala m'dziko muno movomerezeka. Mlamu akapeza chilolezo chake akhoza kukatenga chimenecho, n'kumalembetsera simu khadi ndi akaunti mosabisala.

Chochita ndi kupita nokha ku ofesi musanagwidwe. Tengani setifiketi ya ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana ndi kalata yofotokoza zoona zokhazokha. Yembekezerani kulipira chindapusa, ndipo mwina adzauzidwa kuti atuluke kaye n'kulowanso bwino. N'zowawa, koma n'zopepuka poyerekeza ndi kugwidwa pa rodibuloko, kugona m'chitolokosi ndi kupatsidwa PI, kumene ndi kuletsedwa kulowanso m'dziko muno. Ngati nkhani yanu ndi yopiringizika ndipo loya simungamukwanitse, yambirani ku Legal Aid Bureau, nayonso ili mu Mzuzu. Ife tinadzipereka tokha. Manyazi anali a tsiku limodzi.

Kodi angagwire ntchito kapena kuchita geni podikira?

Ndi chidindo cha mlendo kapena TRP, ayi. Chilolezo cha ntchito ndi china, Temporary Employment Permit, cha zaka 2, ndipo amapempha ndi olemba ntchitowo, atasonyeza kuti luso limenelo Mmalawi wolidziwa sanapezeke. Cha bizinesi ndi Business Residence Permit, cha zaka 5, chimene chimafuna mpamba waukulu wochokera kunja. Lamulo la ziphaso za malonda la 2012 linachepetsanso malo amene mlendo angachitire malonda ogulitsa pang'onopang'ono. Tsono mkazi wanu asanakhale pa benchi ya zitenje mu msika wa Mataifa m'dzina lake, dikirani PRP, muwerenge zimene zalembedwapo, ndipo mufunse ofesi momveka kuti chikumulola kuchita chiyani.

Ine ndine mkazi, mlendo ndi mwamuna wanga. Kodi n'chimodzimodzi?

Pa zilolezo zokhalira m'dziko, ofesi ndi yomweyo ndipo mapepala ndi omwewo. Kusiyana kuli pa unzika. Lamulo la 1966 linalembedwa ndi maganizo akuti mkazi ndiye amatsata mwamuna: lili ndi ndime yolembetsera akazi a Amalawi kuti akhale nzika, koma lilibe ndime yofanana nayo ya amuna a Amalawi. Mwamuna wanu amadutsa njira ya mlendo wina aliyense.

Apa ine sindibisa maganizo anga: zimenezi n'zolakwika ndipo aphungu athu azikonze. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu ndime 22, amati mwamuna ndi mkazi aliyense ali ndi ufulu wokwatira ndi kumanga banja, ndipo ndime 24 imapatsa amayi ufulu wofanana ndi abambo pa nkhani ya unzika. Komanso madera ambiri a dziko lino ndi a chikamwini: ku Dedza, ku Zomba, ku Mulanje mwamuna ndiye amanyamula chikwama kukakhala kwawo kwa mkazi, ndipo palibe amadabwa. Nanga lamulo likudabwa chiyani mkamwini akachokera ku Kenya? Ku Botswana, Unity Dow anakasuma chifukwa ana ake ankamanidwa unzika poti bambo awo anali wa ku America, ndipo anapambana mu 1992. Malamulo otere amasinthika anthu akawakana mokweza.

Nanga ana athu ndi a dziko liti?

Ndi Amalawi, malinga ngati mmodzi wa inu ndi Mmalawi, kaya bambo kaya mayi. Wobadwira kunja nayenso ndi Mmalawi ngati kholo lake ndi nzika yobadwa nayo. Kuyambira 2015 mwana aliyense ayenera kulembetsedwa akabadwa. Musatuluke pa Mzuzu Central Hospital kapena pa Mapale osalemba fomu yake, ndipo dziko la kholo lachilendolo mulembe loona.

Mu Disembala 2018 nyumba ya malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri kwa Amalawi obadwa nawo. Koma mbali inayo ili ndi malamulo ake: Tanzania salola munthu wamkulu kukhala ndi unzika uwiri, choncho mwana wa Mmalawi ndi Mtanzania akafika zaka 18 amayenera kusankha. Mlamu amene akuganiza zodzakhala nzika ya Malawi aganizirenso bwino za kwawo, chifukwa akhoza kutaya pasipoti yake yoyamba, n'kumakalowa kwa amayi ake ngati mlendo.

Mwamuna wanga ndi wothawa nkhondo wa ku Burundi. Ukwati wathu sumuteteza?

Paokha sumuteteza. Othawa kwawo ali pansi pa lamulo lina la 1989, ndipo ndondomeko ya boma ndi yakuti azikhala ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kusamutsa amene ankakhala m'matauni, mashopu anatsekedwa, ndipo ena mwa otengedwawo anali ndi akazi kapena amuna a Chimalawi ndi ana obadwira konkuno. Amene anaona masiku amenewo sangaiwale. Ngati banja lanu ndi lotere, lembetsani ukwati, sungani zikalata za ana, ndipo pitani ku Dipatimenti yoona za othawa kwawo ndi kwa loya tsopano, kudakali bata.

Ndikamwalira ine, mkazi wanga adzathamangitsidwa?

Funso ili abambo ambiri amalizemba, koma ndilo lofunika kuposa onse. Mkazi amene ali ndi PRP ali ndi poimira pake. Amene wakhala zaka 15 ndi chidindo chakutha, tsiku la maliro anu amatsala m'manja mwa abale anu, ndipo si abale onse amene ali ndi chifundo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma mayi woopa kufunsidwa pasipoti sapita kupolisi kapena kukhothi. Amangonyamula ana n'kumapita, nyumba n'kutsala ndi ena. Dziwaninso kuti lamulo la malo losinthidwa mu 2022 linakhwimitsa zoti mlendo akhale ndi malo, tsono lembani wilo, mutchulemo mkazi wanu ndi ana anu, ndipo loya akuuzeni mmene nyumba ingalembedwere kuti asadzatulutsidwemo.

Tapereka zonse koma miyezi ikungopita. Titani?

Sungani lisiti ndi nambala ya fayilo ngati mmene mumasungira chitupa cha puloti. Onetsetsani kuti chilolezo chimene ali nacho panopa sichikutha pamene mukudikira chinacho. Lisiti la pempho lisakugonetseni tulo. Muzikafunsa mwaulemu, ndipo nthawi zina polemba kalata yoti akudindireni kope lake. Mukaona kuti kuchedwako kwapyola muyeso popanda chifukwa chomveka, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo otere kwaulere, ndipo kumpoto kuno ili mu Mzuzu.

Mlamu wanga tsopano pasipoti yake saisunganso mu jumbo ya shuga. Ili mu fayilo pamodzi ndi setifiketi ya ukwati ndi zikalata za ana. Inu amene muli ndi mlamu, mpongozi kapena mkamwini wochokera kunja, madzulo ano mukatha kudya mupempheni pasipoti, mutsegule tsamba la zidindo, muwerenge tsiku limene lalembedwapo.